Dothi Lolongolola

Dzanja linatuluka loyera.

Nadothi analiyang'ana ngati la munthu wina. Zaka zisanu ndi zinayi akuyeza dothi, zikhadabo zake zinali zisanayerepo tsiku la ntchito, n'chifukwa chake anzake anamupatsa dzinali mpaka lenileni linangotsala pachiphaso. Koma Lachitatu limenelo m'mawa cholembera chinamugwera m'dzenje loyesera makina. Anagwada kuti achitole, ndipo podzuka anatsamira dzanja pansi, dzanja n'kungolowa wofuwofu mpaka pamkono. Pamwamba panali kadothi kofiira kochindikala ngati chala chimodzi, kobwera ndi mphepo ndi majombo a anthu. Pansi pake ponse panali mchenga.

Munthu wosadziwa ntchitoyi angafunse kuti nanga mchenga walakwanji. Munda umene gulu lawo linkachotsamo mabomba okwirira unali wa dothi lofiira, lodzaza tizitsulo tosaoneka ndi maso. Makina ofufuzira akadutsa pamwamba pa dothi lotere amalira paliponse, kaya pali bomba kaya palibe, ndipo anthu a ntchitoyi amalitchula kuti dothi lolongolola. Kuti ntchito iyende, munthu amatsitsa khutu la makinawo pang'ono mpaka dothi litaleka kulongolola. Koma ukatsitsa mopyola, makina amagontha, osamvanso kamsomali kamene kamakhala m'kati mwa bomba lapulasitiki. Ndiye m'mawa uliwonse, asanalowe m'munda, aliyense ankadutsitsa makina ake padzenje loyesera, momwe anakwiriramo chidole, bomba lochotsedwa wonga, pakuya kwa masentimita khumi ndi atatu. Makina akalira, ndiye kuti akumva. Lamulo la dzenjelo linali limodzi, ndipo analilemba pathabwa ndi Nadothi mwiniwake: m'dzenjemu muzikhala dothi la m'munda momwemo. Mumchenga ngakhale makina ogontha amamva.

Anathamangira kugalimoto kukatenga kabokosi kake koyezera, ngakhale kuti yankho anali atalidziwa kale. Dothi la m'munda nthawi zonse linkaonetsa nambala yopitirira mazana asanu ndi anayi. La m'dzenje linaonetsa khumi ndi ziwiri. Mtima wake unayamba kutentha kuchokera pansi penipeni.

Khutu, mtsogoleri wa gululo, anali atakhala pabenchi akumanga zingwe za majombo. Dzinalo analipata chifukwa ankatha kusiyanitsa kulira kwa chitsekerero cha botolo ndi kulira kwa bomba asanakumbe n'komwe. Analinso mwamuna wa achemwali ake a Nadothi, ndipo ndiye amene anamubweretsa pantchitoyi.

"Mkazi wanga wamng'ono wadzuka ndi nkhope yanji lero?" anatero Khutu akuseka. "Kapena walota ndakwatira wachitatu?"

"Alamu, m'dzenjemu muli chiyani?"

"Chidole."

"Chidolecho chagona m'chiyani?"

Khutu anayang'ana dzanja loyera lija, kenako anabweza maso pachingwe cha jombo.

"Aa, kamchengako? Mvula yoyamba ija dzenje linasanduka chithaphwi. Anthu ankaterereka, makina akudetsedwa ndi matope, nthawi ikupita. Ndinangong'amba matumba anayi a mchenga a pampanda aja n'kukhuthuliramo. Ndimati kukauma tibwezeretsa lofiira."

"Liti limenelo?"

"Milungu isanu ndi iwiri yakwana, kapena."

"Nanga makina munawatsitsa?"

"Iwenso ukudziwa kuti dothi limeneli likanyowa limalongolola ngati apongozi. Tinatsitsa kawiri. Koma m'mawa uliwonse ankalira padzenje, onse khumi."

"Ankalira mumchenga, alamu."

Sanadikire yankho. Anatenga fosholo n'kuyamba kuvuula mchengawo, ndipo Khutu atati amulandire anamukankha ndi chigongono. Kuseri kwa kontena ya ofesi ankasungako matumba a dothi la m'munda. Anakoka awiri yekha, thukuta lili kamukamu, n'kuthira m'dzenje, n'kuwaza madzi mpaka chinyezi chinafanana ndi cha m'munda. Chidole anachiyika pa khumi ndi atatu, atayeza ndi lula kawiri kuti pasakhale wonena kuti wanyenga.

"Tengani makina anu. Musawakhudze kabatani, akhale mmene munagwirira dzulo."

Khutu anadutsitsa makina pamwamba pa dzenje, pang'onopang'ono, mwaluso lake lija losiririka. Kunali zii. Anadutsitsanso chopingasa, khosi atapendeketsa ngati nkhuku yomvetsera. Zii. Nadothi anafukula chidole n'kuchikweza chala chimodzi, kenako china, kenako china. Makina anayamba kulira chidole chili pa masentimita asanu ndi awiri.

Onse awiri anatembenukira kumunda osauzana. Chigawo chimene anagwira m'milungu isanu ndi iwiriyo chinali chitazunguliridwa ndi zikhomo za mitu yoyera, kutanthauza kuti mwayera, munthu angathe kuyendamo. Lachisanu la mlungu womwewo anali oti achipereke kwa eni ake. Ndipo kuchingwe cha m'malire kunali kutaima kale mayi uja wobwera m'mawa uliwonse, amene gulu lonse linkangomutchula kuti mayi wa khasu. Munda wake unali m'kati mwa zikhomozo. Anali ataudikira zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mlungu umenewo khasu lake analiyika mpini watsopano. Nadothi anali atayezapo mmene khasu limalowera m'dothi lonyowa: limapitirira masentimita khumi ndi asanu.

"Chabwino, wanditsina khutu, Khutu wamva," anatero mlamu wakeyo, akuyesa kuseka, koma kusekako kunathera pakhosi. "Lachisanu lidutse kaye, mlamu. Tidzabwerezamo mwakachetechete."

"Mudzabwerezamo anthu ali m'kati ndi makasu?"

"Ukakanena kuofesi ine ndapita. Ukudziwa zimenezo? Achemwali ako ukawayang'ana bwanji?"

"Mukanawaganizira pong'amba matumba paja."

Bwana wa msasawo ankatchedwa Mahekitala, chifukwa ndi mawu okhawo amene ankatuluka m'kamwa mwake ndi chimwemwe. Sanali munthu wokalipa. Akanakhala wokalipa zikanakhala bwino, chifukwa munthu wokalipa umadziwa pomugwira. Nadothi atalowa muofesi mwake, iyeyu anamvetsera nkhani yonse atapinda manja, fani ikumuuluzira mapepala, kumbuyo kwake kuli mapu a munda amene ankawapaka zobiriwira Lachisanu lililonse.

"M'milungu imeneyi tatulutsa mabomba makumi atatu ndi limodzi," anatero mofatsa. "Makina ogontha akanawapeza bwanji?"

"Anapeza a pamwamba, bwana."

"A pansiwo mwawaona inu?"

"Sindinawaone. Vuto lake ndi limenelo."

"Ndiye mukufuna ndiimbire alendo onse, ndiuze eni minda kuti mvula ino iwadutsenso, chifukwa cha chinthu chimene simunachione?"

"Ndikufuna tibwereze chigawo chonse, makina atayesedwa m'dothi lake."

Mahekitala anatsegula dirowa n'kutulutsa fayilo. Anayala mapepala asanu ndi awiri patebulo, limodzilimodzi, mosamala ngati akuyala makadi. Anali mafomu a mlungu ndi mlungu. Pa lililonse panali funso lakuti, kodi dothi la m'dzenje loyesera ndi la m'munda? Pa lililonse panali pochonga kuti inde, ndipo pansi pake panali sayini.

"Dzanja ili ndi la ndani, mayi?"

Nadothi anayang'ana sayiniyo. Anakumbukira bwinobwino mmene ankachongera: ataima, kapu ya tiyi kudzanja, akuyang'ana pamwamba pa dzenje pofiira psuu, n'kupitirira ku ntchito zina zimene ankaziona ngati zazikulu. Kasanu ndi kawiri anadutsa padzenjelo osawerama. Iye amene ankauza anthu atsopano kuti dothi saliyeza ndi maso. Manyazi anamugwira, koma sanakhalitse, anasanduka ukali woposa woyamba uja, chifukwa tsopano analibenso poutayira.

"Ndi langa," anatero.

"Ndiye lembani lipoti lanu, ndidzaliwerenga Lolemba. Koma polemba muyambe ndi dzina la amene anasayina, lachiwiri likhale la alamu anu. Ine langa mulibemo m'mapepala amenewa."

"Lolemba anthu adzakhala atalima masiku atatu."

"Nditsekereni chitseko potuluka, fumbi likulowa."

Lipoti analilemba tsiku lomwelo, atakhala m'galimoto, ndipo dzina lake analiyikadi poyamba. Analitumiza kulikulu osadzera kwa Mahekitala. Yankho linabwera nthawi yomweyo, la makina, lonena kuti mkulu woona za chitetezo ali ku msonkhano ndipo adzabwera Lolemba. Lachinayi lonse anakhalira kuimba foni. Woyamba anati nkhani za kumsasa zimadzera kwa bwana wa msasa. Wachiwiri anati atumize fomu ina. Wachitatu anamufunsa ngati pali amene wavulala, ndipo atamva kuti palibe, anati ndiye bwino, sizachangu. Nadothi anatukwana chamumtima mawu amene mayi ake akanawamva akanadzuka kumanda.

Chakumadzulo, dzuwa likadalipo, achemwali ake anamuimbira. Sanapereke moni.

"Ubwere kuno."

Achemwaliwo ndi amene anamulera mayi awo atamwalira. Anasiya sukulu kuti iye apitirize, ndipo nkhaniyi sankaitchula kawirikawiri, koma inkakhala m'nyumbamo ngati kabati, aliyense akuizungulira. Anawapeza pabalaza akusita yunifomu ya amuna awo patebulo, atayala bulangeti. Majombo anali pakhomo atapolishidwa kale, akuwala. Khutu kunalibe, anali atazemba mwanzeru zake.

"Ndamva kuti ukufuna kuwachotsetsa ntchito bambo a m'nyumba muno chifukwa cha kamchenga," anatero achemwali osadzutsa mutu.

"Akuuzani kuti kamchenga?"

"Matumba anayi. Munthu wagwira zaka khumi ndi zisanu, wachotsa mabomba oposa tsitsi la m'mutu mwako, lero achoke ngati wakuba chifukwa cha matumba anayi a mchenga? Ntchito imene ukudzitama nayoyo anakupezera ndani?"

"Iwowo."

"Ndiye malipiro ake ndi amenewa? Iwe kuyambira uli mwana unali wotero. Ukapeza cholakwa cha munthu umachinyamula pamutu kuti msewu wonse uone."

"Dzina langa lili pamwamba pa lawo m'lipotimo, achemwali. Akachoka iwo, inenso ndachoka."

"Iwe ulibe ana. Ukachoka ukalira wekha."

Mawu amenewo anamulasa pamene achemwali ankafuna kuti amulase. Nadothi akanatha kuyankha, ndipo mayankho anali nawo okwana dengu. M'malo mwake anatsegula chikwama. Akazi ena m'chikwama amayendamo ndi mafuta ndi kagalasi, iye ankayendamo ndi timapepala tapulasitiki ta dothi. Anatulutsa tiwiri n'kukhuthula patebulo, pambali pa bulangeti, mulu wa mchenga uku, mulu wa dothi lofiira uku.

"Ukundidetsera tebulo."

"Ndipukuta."

Pachitseko cha filiji panali timaginito tokongoletsera. Anamatula kooneka ngati nthochi n'kukapatsa achemwali ake m'manja.

"Kakokeni mumchengamo."

Achemwali anatsonya, koma anakakoka. Kanatuluka koyera.

"Tsopano m'lofiiramo."

Kamaginito kanatuluka katamera ndevu zakuda, tizitsulo titaimirira nyangalazi m'mphepete monse. Achemwali anakayandikitsa kumaso.

"Zimenezo ndiye zimalongolola m'makina," anatero Nadothi. "Munda wonse ndi wotero. Alamu anatopa nalo phokosolo n'kuwatseka makutu makina. Ndiye m'mawa uliwonse ankakawafunsa makinawo mumchenga, momwe mulibe phokoso, kuti kodi mukumva? Makina n'kumati tikumva. Dzulo tawafunsa m'dothi lenileni, iwo ali pomwepo. Chilichonse chimene chagona kupitirira apa," anaonetsa kutalika kwa chala chake chapakati, "sanachimve. Milungu isanu ndi iwiri."

"Koma palibe chaphulika."

"Gululo linkayenda chogwada, pang'onopang'ono, nthaka ya pansi ikadali gwa. Mvula yafewetsa tsopano. Ndikufunseni, achemwali, yunifomu mukusitayi ndi ya chiyani?"

"Ya mawa."

"Mawa popereka munda amayamba ndani kuyendamo?"

Achemwali ankadziwa, ndipo ankanyadira chaka ndi chaka. Pantchitoyi munda saupereka ndi pepala lokha. Gulu limene lauchotsa mabomba limaudutsa wapansi kuchokera kumapeto kufika kumapeto, eni ake akuonerera, ndipo patsogolo pa onse pamakhala mtsogoleri, akuponda mwamphamvu kuti anthu akhulupirire. Pakhoma la pabalaza pomwepo panali chithunzi cha Khutu akuyenda motero m'munda wina, chifuwa chili patsogolo.

Fungo la nsalu yopsa linadzaza m'nyumba. Achemwali ananyamula simbi mochedwa, ndipo pamsana pa malaya panatsala chilemba chake chonse, chabulauni, ndi timabowo take tomwe. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mng'ono wawo ndi maso amene Nadothi anali asanawaonepo.

"Tuluka."

"Achemwali..."

"Tuluka m'nyumba mwanga, ndi dothi lakolo. Wabwera kudzandiuza kuti ndisankhe chiyani? Ntchito yawo kapena miyendo yawo? Ndiwe mfiti iwe. Tuluka."

Anatuluka, dothi analisiya patebulo pomwepo. Panjira anapeza kuti kamaginito ka nthochi kali m'dzanja lake, osadziwa kuti anakatenga nthawi yanji.

Pachipata cha msasa panali chikwangwani cha malamulo, cholembedwa bwino kuti alendo aziwerenga. Lamulo lachinayi linkati wantchito aliyense amene wakayika malo ali ndi ufulu wofiiritsa chikhomo, ndipo chikhomo chofiira sichiyeranso mpaka malowo atafufuzidwa kachiwiri. Chiyambire palibe amene analigwiritsapo ntchito. Linali ngati mbale za m'kabati ya galasi, zoonetsa anthu, osati zodyera.

Lachisanu kutangocha Nadothi anali kale kumunda, chitini cha utoto wofiira kudzanja lina, bulashi kudzanja lina. Ankayenda m'kanjira ka kunja kwa chingwe, kamene anthu akhala akupondamo zaka ziwiri, n'kumafikira chikhomo chilichonse ndi dzanja. Zikhomo zinalipo zoposa zana. Anali atafiiritsa makumi awiri pamene anamva phokoso kumbuyo kwake, phwa, phwa, phwa, ngati munthu wochokera kubafa.

Anali Khutu. Anavala malaya a chilemba cha simbi aja, thalauza lositidwa bwino, ndipo kumapazi anali ndi patapata wa mkazi wake, zidendene zikulendewera kumbuyo. Tsiku lina lililonse Nadothi akanaseka mpaka kugwa pansi.

"Majombo ali kuti, alamu?"

"Achemwali ako awaponya m'chimbudzi. Onse awiri, ndi akale omwe." Khutu sankamuyang'ana. "Akudziwa kuti wopanda majombo samuloleza kudutsa chingwe."

"Anenanso chiyani?"

"Akuti ndikuuze kuti usadzapondenso pakhomo pawo. Ngakhale pamaliro awo akuti usadzabwere."

Nadothi anaviika bulashi m'chitini mwamphamvu mpaka utoto unamuthovokera pamkono. Zinamupweteka, ndipo sanabise, misozi inatsika. Koma pansi pa kupwetekako panali ukali umene unali usanathe.

"Ndiye achemwali apulumutsa mapazi awiri," anatero. "Mapazi awiri a m'nyumba mwawo. Nanga anthu asanu ndi anayi oyenda pambuyo panu aja, majombo awo waponya ndani? Nanga eni mindawa? Inunso, alamu, mukanakhala ndi majombo bwenzi mutayenda?"

Khutu anakanda kumutu. Anali munthu wa nthabwala pa chilichonse, koma apa anafufuza m'matumba onse osapezamo ngakhale imodzi.

"Ndikanayenda," anatero motsitsa mawu. "Ndimati ndikayenda ine osaphulika, ndiye kuti zili bwino."

"Munthu mmodzi, mzere umodzi, m'munda wa mahekitala atatu. Mumati muyeze ndi mwendo wanu zimene munalephera kuyeza ndi makina."

"Ndipatse chitinicho."

"Sindikufuna thandizo lanu."

"Sindikukuthandiza. Ndikungonyamula chitini."

Anamupatsa. Anayenda motero, mkazi patsogolo ndi bulashi, mwamuna pambuyo ndi chitini, patapata akuwomba zidendene, osalankhulana. Anthu a gulu anayamba kufika mmodzimmodzi. Ankaima patali, kuyang'ana zikhomo, kuyang'ana mapazi a mtsogoleri wawo, n'kuvula zipewa zimene anazichapira mwambowo.

Galimoto ya Mahekitala inafika pamodzi ndi lole ya mipando. Anatsika, n'kuyenda mpaka pachingwe, n'kuwerenga zikhomo zofiira ndi maso. Nkhope yake sinasinthe, koma khosi linatupa.

"Mayi, mukudziwa chimene mwachita?"

"Lamulo lachinayi, bwana. Lili pachipata."

"Alendo anyamuka kale."

"Muwapatse mipando akhale. Mukafuna kuyeretsanso zikhomozi, utoto woyera uli m'sitolo, shelefu yachiwiri. Koma mupake nokha, anthu onsewa akuona, ndipo mukatha muyende inuyo patsogolo. Majombo muli nawo."

Mahekitala anayang'ana majombo ake, amene anali asanalowepo m'munda chigulireni. Anayang'ana gulu lija, gulu n'kumuyang'ananso. Kenako anatulutsa foni.

"Nonse awiri mudutse kuofesi mukamaliza," anatero akutembenuka. "Mubwere ndi ziphaso zanu."

Nadothi anayembekeza kuti mtima utsika, koma sunatsike. Panalibe chimene anapambana. Ntchito inali itapita, achemwali anali atapita, ndipo mabomba, ngati analimo, anali chigonere momwemo osadziwa n'komwe kuti anthu akukangana. Anapitiriza kupaka.

Chikhomo chomaliza chinali pakona, pamene chingwe chimakhotera kumsewu, ndipo mayi wa khasu anali ataima pomwepo. Tsiku limenelo anavala zoyera bwino ngati wopita ku ukwati. Khasu la mpini watsopano linali paphewa, ndipo m'dzanja anali ndi kathumba ka mbewu. Kumbuyo kwake kunali anthu ena, nawonso ndi makasu awo.

"Mwanawe," anatero mayiyo, "dzulo zinali zoyera izi."

"Zinali zoyera, mayi."

"Ndiye mwazifiiritsiranji?"

Khutu anatsegula pakamwa, koma Nadothi anamutsogolera.

"Tinalakwitsa poyesa makina. Ine ndinasayina kuti zili bwino ndisanagwire dothi ndi dzanja. Mwina mulibe kanthu m'munda mwanumo, mwina muli. Sitikudziwa. Tiyenera kuyambiranso."

"Kuyambiranso mpaka liti?"

"Milungu isanu ndi iwiri. Kapena kupitirira, chifukwa tsopano aziyenda pang'onopang'ono."

Mayiyo anayang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kale kusonkhana, n'kuyang'ana kathumba kake ka mbewu. Ankawerenga, ndipo Nadothi ankadziwa chimene akupeza: milungu isanu ndi iwiri ikadzatha, nthawi yodzala idzakhala itapita, chaka chakhumi ndi chiwiri n'kulowa.

"Zaka zonsezi ndimabwera pachingwe pano," anatero mayiyo, mawu ali pansipansi koma akunjenjemera ndi mkwiyo. "Ndimakuonani mukudutsa ndi kabokosi kanuko, ndi kapu ya tiyi. Ndimauza anzangawa kuti mtsikana uyu ndiye wophunzira, ndiye amalidziwa dothi. Kani simumaligwira n'komwe?"

"Milungu imeneyo sindinaligwire."

"Ine ndimaligwira tsiku lililonse, la kunja kwa chingweli. Mukanandifunsa ine ndikanakuuzani kuti m'dzenje mwanumo muli mchenga. Ndinawaona abambo awa akukhuthula matumba. Ndimayesa ndi mmene ntchito yanu imayendera."

Khutu anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Ndiye mukudikira chiyani?" anatero mayiyo. "Kuti ndikuthokozeni?"

"Ayi, mayi."

"Pakani, tizipita."

Nadothi anaviika bulashi, koma m'chitini munali mutatsala zokanda. Anapisamo dzanja, n'kukokota utoto wa m'mbali ndi zala, n'kuupaka pamutu pa chikhomo mpaka kuyera konse kunabisika. Mayi uja anatsitsa khasu paphewa, n'kulitembenuza, n'kuyamba kubwerera kumsewu akulikoka pansi.